Bedi la Pafupi ndi Zenera

Don Eleuterio Maturana anatha zaka makumi atatu
ali m'mwamba, m'kachipinda ka makina onyamula katundu
padoko la Valparaíso,
mphepo ya m'nyanja ikugwedeza zitsulo,
sitima pansi pake ngati nsapato zoiwalika pakhomo.
Sanagwepo.
Madzulo ankakwera masitepe a phiri la Cordillera kupita kwawo,
Loweruka atalawako pang'ono,
osaphonya ndi limodzi lomwe.

Anadzagwera kwa ife,
kuchoka pa bedi longofika m'mawondo.

Mayeso ndinalemba mu Malichi.
Mafunso makumi awiri, ndinalakwa limodzi.
Satifiketi yake ili pakhoma, pamwamba pa ketulo,
ngodya imodzi yapindika ndi nthunzi:
Ximena Quilodrán, wodziwa kuteteza odwala kuti asagwe.

Chibangili chachikasu ndinamuveka ndine.
Fomu ndinadzaza ndine.
Ndi wokalamba? Ndinachonga.
Akumwa mankhwala okodzetsa? Ndinachonga.
Amamva chizungulire akadzuka? Ndinachonganso,
ndi kusaina, ndi kulemba nthawi.
Pepala linkadziwa zonse,
koma pepala silidzuka usiku.

Paja amati chakudza sichiyimba ng'oma.
Ichi chinayimba, tsiku lonse.
Belu linaterereka kuseri kwa bedi
pamene Nibaldo ankasintha nsalu,
linangolendewera poti dzanja silifika.
Mapiritsi a masana anabwera dzuwa litalowa.
Magalasi ake ndinawaika m'dirowa ndekha,
poopa kuti angasweke.
Tinkayenera kukhala anayi usiku umenewo.
Tinali awiri, mabedi makumi awiri ndi asanu ndi atatu,
ndipo mayi wa m'chipinda chakumapeto mpweya unkamuthera.

Ndinamuuza ndithu: mukafuna kutaya madzi, muitane.
Anagwedeza mutu.
Sindinaone kuti maso ake anali pakhoma.
Munthu amene ankatsitsa magalimoto kuchokera m'mitambo
aitane mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wake
kuti adzamugwire m'khwapa popita kuchimbudzi?
Pa fomu ija palibe kabokosi ka manyazi.

Nthawi itangopitirira 3 koloko, khu!
Si phokoso lalikulu ayi,
ngati thumba la mbatata lotsitsidwa ndi munthu wotopa.
Ndinamupeza chammbali pa matailosi,
sokosi imodzi kuphazi, inayo m'bulangeti,
mwendo wakumanzere utayang'ana kumene mwendo suyang'ana.
Sanalire.
Anati, pepa mwanangu, ndakunyowetsera pansi.

Kunatsatira msonkhano, ndi khofi wozizira.
Kunabwera chikwangwani chatsopano cha kamunthu koterereka,
ndi fomu ina, ya masamba awiri,
yofotokoza mmene tadzazira yoyamba ija.
Ndimaidzaza. Sindikana.

Koma tsopano ndikalowa m'wodi ndimayamba ndi kugwada,
kuona mabuleki a mateyala, onse anayi,
ndi kukankha bedi ndi ntchafu kuti ndimve ngati linama.
Belu sindiloza ndi chala.
Ndimaliika m'chikhatho, n'kupinda zala za wodwala pamwamba pake:
talizani ndimve.
Magalasi amagona poonekera, asweke ngati afuna.

Ndipo azibambo aja osapempha kanthu,
ogwedeza mutu maso ali pakhoma,
sindiwafunsanso ngati akufuna thandizo.
Ndimafika 2 koloko, mwakachetechete,
n'kunena kuti, ndikupita chakumeneko, m'khondemu muli mdima,
tandiperekezani.
Amadzuka, kukhala kaye m'mphepete mwa bedi,
mapazi pansi, mpaka chipinda chileke kuzungulira,
kenako amandipatsa mkono
ngati akundiwolotsa msewu.

Don Eleuterio ali m'chipinda cham'mwamba, chitsulo m'chiuno.
Dzulo wayenda kuchoka pampando kukafika pasinki.
Ndikadutsa ndimamupeza pazenera,
akuyang'ana phiri lakwawo,
milomo ikuyenda pang'onopang'ono.
Ndinayesa akupemphera.
Akuwerenga masitepe.